Mazenera a Danieli ndi mbaula ya pa Intercity

PHUNZIRO LA SABATA INO
Mawu owerenga: Danieli 6:1-23, Rute 2, Luka 22:39-46

  A Bishopu andipempha kuti phunziro la sabata ino ndilembe ine. Musanapitirire, tsegulani Danieli 6 muwerenge nokha. Sizikutengerani mphindi zisanu.

Okutobala akupita kumapeto. Maluwa a jakaranda ayoyoka, usiku tikugona titatsegula mazenera chifukwa cha kutentha, ana a Grade 7 ndi Grade 12 mitima ili pa mayeso. Madzulo mitambo ikusonkhana, kenako n'kubalalika osagwetsa kanthu. Amene ali ndi kamunda ku Chongwe wayamba kufunsa mtengo wa fetereza, amene denga lake limadontha wayamba kufunafuna mmisiri. Tonse tikudziwa kuti nyengo ikusintha.

Funso la sabata ino ndi ili: nyengo ya moyo wanu ikasintha, n'chiyani chimene inu mumapitirizabe kuchita?

ZIMENE NDINAMVA PA INTERCITY

Ina mwa ntchito zanga ndi kutumiza makalata ndi katundu wa mpingo kwa abale athu a kum'mawa. Basi ya ku Chipata imanyamuka m'bandakucha, choncho ma 04 hours ndimakhala nditafika kale pa Intercity, mu msewu wa Dedan Kimathi. Amene munafikapo nthawi imeneyo mukudziwa mmene pamakhalira. Ang'wang'wazi akulimbirana chikwama chanu, wina akufuula Kitwe, wina Livingstone, wina Nakonde, anyamata a mawilibala akupempha njira, ena agona pa matumba awo kudikira kuche.

Kunja kwa geti kuli mayi wina amene ndakhala ndikugula tiyi kwa iye zaka zingapo. Ali ndi mbaula, ketulo yaikulu ndi ndowa ya vitumbuwa. Dzina lake sindilitchula. Amanditcha abusa, ngakhale ndinamuuza kangapo kuti ndine wothandizira chabe.

Chaka cha 2024 sitidzachiiwala msanga. Chinayamba ndi kolera, bwalo la National Heroes linasanduka chipatala, ndipo masukulu sanatsegulidwe mpaka pa 12 Febuluwale. Pa 29 Febuluwale Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chija ndi tsoka la dziko lonse. Madzi ku Kariba anatsika, ndipo pofika Juni magetsi amazima theka la tsiku.

Kunyumba kwathu, amayi a ana anga amagulitsa nkhuku zosungidwa mu firiji. Zinawonongeka kawiri. Ndalama ya chilimba imene tinagulira nkhukuzo inatsala ngongole. Ndiye ndikuuzeni chimene sindinauzepo anthu ambiri: ndinasiya kupemphera m'mawa. Kuyambira ndili ku sukulu ya Baibulo ndinkadzuka 05 hours kukagwada pa balaza, koma nthawi imeneyo ndinaleka pafupifupi miyezi itatu. Pa Sondo ndinkanyamulabe Baibulo la a Bishopu, Amen wanga ankamvekabe mpaka kumbuyo. Mkati munali mutazima ngati firiji ija.

Tsiku lina mu Julayi, kukuzizira koopsa, ndinaima pa mbaula ya mayi uja kuothera manja. Ndinakumbuka kuti kumayambiriro kwa chaka sankaoneka, ndiye ndinamufunsa kumene anali.

Anati, “Abusa, bamuna banga banamwalira mu January, kolera. Ninankhala pa nyumba mwezi wonse, sinenze kufuna kuona munthu. Manje tsiku ina nauka 03 hours monga mwa masiku onse, napeza manja yayamba kale kukanda fulawa. Nati, Mulungu, ngati manja yakumbuka, na ine nizayenda.”

Ndinafunsa ngati saopa kuyenda yekha mumdima.

“Nimaopa maningi. Koma nikayasha mbaula, moto ukalibe kugwira, nimapemphera. Moto ukagwira, nanyamuka.”

Ndinalipira tiyi, ndinapereka katundu ku basi, ndinabwerera kunyumba ndili chete. M'mawa mwake ndinagwada. Mawu sanabwere, ndinangokhala pamenepo mphindi khumi. Koma ndinagwada.

1. DANIELI ANACHITA ZIMENE ANKACHITA KALE

Tikamaphunzitsa ana za Danieli timathamangira ku mikango. Koma kulimba mtima kwake kukuoneka pa vesi 10, asanaione n'komwe mikangoyo.

Onani mmene zinthu zinalili. Danieli anatengedwa ukapolo ku Yerusalemu ali mnyamata, cha m'ma 605 BC. Babulo anagwa mu 539 BC. Ndiye kuti pa nkhani iyi anali nkhalamba ya zaka za m'ma 80, ataona mafumu akubwera ndi kupita. Boma linali litasintha, bwana anali watsopano, Dariyo. Anzake a pa ntchito anamuchitira nsanje, anafufuza mlandu m'mabuku ake osaupeza. Ndiye anakonza lamulo loti kwa masiku 30 munthu asapemphe kanthu kwa mulungu aliyense kapena kwa munthu, koma kwa mfumu yokha.

Danieli atamva kuti lamulo lasainidwa, sanaitane msonkhano ndipo sanayambe kusala kudya kwapadera. Anapita kunyumba, ku chipinda chake chapamwamba chimene mazenera ake anali otsegukira ku Yerusalemu, n'kugwada katatu pa tsiku monga ankachitira nthawi zonse. Akanatha kutseka mazenera. Akanatha kunena kuti masiku 30 si ambiri, Mulungu amvetsa. Sanawonjezere kanthu kuti aoneke, sanachotsenso kanthu kuti abisale.

Abale, mawondo amene anagwada tsiku limenelo anali atazolowera kwa zaka zambiri. Kulimba mtima sikugulidwa tsiku la mavuto ngati mmene timathamangira kukagula kandulo magetsi atazima. Kumasonkhanitsidwa pang'onopang'ono masiku amene palibe chikuchitika.

Ndipo tisanamizane: Danieli anaponyedwabe m'dzenje. Kukhulupirika sikunamuchotsere usiku umenewo. Mulungu anakamupeza momwemo.

2. RUTE ANADZUKA N'KUPITA KUMUNDA

Rute anafika ku Betelehemu ali wamasiye, mlendo, wopanda munda, pamodzi ndi apongozi ake Naomi amene mtima wawo unali wowawa. Inali nthawi yoyamba kukolola barele. Anachita chiyani? Anapempha chilolezo kuti akakunkhe, kutola ngala zimene okolola agwetsa. Lamulo la Mose linkalola osauka ndi alendo kuchita zimenezi (Levitiko 19:9-10), komabe inali ntchito yonyozeka ndi yoopsa kwa mkazi wachilendo. N'chifukwa chake Boazi anachita kuchenjeza anyamata ake kuti asamuvutitse.

Tsiku loyamba anabwera ndi barele wokwana efa, pafupifupi malita 22, kuposa pang'ono ndowa imene timatungira madzi. Ndipo anapitabe tsiku ndi tsiku mpaka kutha kwa kukolola barele ndi tirigu, pafupifupi masabata asanu ndi awiri. Sankadziwa kuti adzakhala agogo a bambo ake a Mfumu Davide. Iye ankangodziwa kuti kunyumba kuli Naomi ndipo afunika kudya.

Ife a mipingo ya Mzimu timakonda mawu oti “mwadzidzidzi”, ndipo n'zoona, Mulungu amachita zadzidzidzi. Koma chadzidzidzi cha Rute chinamupeza ali kumunda, atawerama. Mlongo amene mumakwera minibasi ya ku Chelstone kusanache kukagwira ntchito m'nyumba ya anthu ku Kabulonga, m'bale amene mwaponya makalata ofunsira ntchito chaka chonse osayankhidwa koma mawa mukaponyanso ina, musadzione ngati mulibe umboni. Kudzuka kwanuko ndi chikhulupiriro.

3. YESU SANASINTHE MALO

Luka 22:39 akutiuza kuti usiku umene anaperekedwa, Ambuye anapita ku Phiri la Azitona monga mwa chizolowezi chake. Yohane 18:2 akuwonjezera kuti Yudasi ankawadziwa malowo, chifukwa Yesu ankakumanako kawirikawiri ndi ophunzira ake. Taganizirani. Yesu ankadziwa kuti Yudasi wapita kukaitana adani. Kukanakhala kosavuta kukagona kwina usiku umenewo. Anapita pamalo pomwe ankapemphera nthawi zonse, podziwa kuti ndi pomwe adzamupeze.

Ndipo sanabise kuti zinali zolemera. Anapempha Atate kuti ngati n'kotheka chikho chimupitirire, thukuta likugwa. Choncho ngati mukuchita mantha, musaganize kuti Mzimu wakuchokerani. Mayi wa pa Intercity amaopa ndipo amanyamuka. Mbuye wathu anavutika mumtima ndipo anakhala pamalo pake.

CHENJEZO: SI CHIZOLOWEZI CHILICHONSE CHOYENERA KUSUNGA

Wina angati, “Ine ndili ndi zizolowezi zambiri, ndiye ndine wolimba mtima.” Dikirani. Kudutsira ku bala tsiku lililonse la malipiro ndi chizolowezi. Kubetcha pa foni ana atagona ndi chizolowezi. Kusalankhulana ndi mkazi wanu kapena mwamuna wanu sabata yathunthu mukayambana, nachonso ndi chizolowezi. Izi zimafuna kulimba mtima kuti muzisiye.

Muyeso wake ndi wosavuta: kodi chinthu ichi chikundiyang'anitsa kuti? Mazenera a Danieli anayang'ana ku Yerusalemu. Ngati chizolowezi chanu chikukuyandikizitsani kwa Mulungu ndi kwa anthu amene anakupatsani kuti muwasamalire, chigwiritsitseni. Ngati chikukubisani kwa iwo, chimenecho ndi chingwe.

Komanso kusunga chizolowezi sikutanthauza kukana kusintha. Mayi uja mu Juni amagulitsa tiyi wambiri, mu Okutobala amawonjezera madzi ozizira, mvula ikayamba amabwera ndi pepala la pulasitiki lofunditsa mbaula. Katundu amasintha ndi nyengo, koma ola lodzuka ndi pemphero la pa moto zimakhala zomwezo. Mlaliki 3 akutiphunzitsa kuti chilichonse chili ndi nthawi yake, ndipo Genesis 8:22 akutitsimikizira kuti kubzala ndi kukolola, kuzizira ndi kutentha, sizidzaleka dziko likadalipo. Nyengo ndi za Mulungu. Gawo lathu ndi kupezeka pamalo pathu.

ZOCHITA SABATA INO

Choyamba, sankhani nthawi imodzi ndi malo amodzi opempherera, ndipo zikhale zazing'ono zoti mungakwanitse. Mphindi khumi zokha tsiku lililonse zimaposa usiku umodzi wa moto wotsatiridwa ndi mwezi wa zii. Mangirirani pemphero ku chinthu chimene mumachita kale: poyatsa mbaula, podikira madzi osamba atenthe, pokhala mu minibasi pa mzere wa magalimoto a pa Great East Road.

Chachiwiri, bwererani ku chinthu chimodzi chabwino chimene munasiya nyengo itavuta. Mwina ndi kudyera pamodzi ngati banja. Mwina ndi selo ya pakati pa sabata imene munaleka chifukwa cha manyazi a ngongole. Mwina ndi kuimbira foni amayi kumudzi.

Chachitatu, amene muli pa mankhwala a tsiku ndi tsiku, a BP, a shuga, ma ARV, pitirizani kumwa ndipo musaphonye tsiku la ku kiliniki. Timakhulupirira machiritso ndipo tidzakupemphererani, koma musasiye mankhwala dokotala asanakuyezeni. Kukhala pa mzere wa ku kiliniki anthu akukuonani ndi kulimba mtima kumene.

Chachinayi, mvula ili pafupi. Wiritsani madzi akumwa kapena thirani klorini, sambani m'manja ndi sopo, chotsani zinyalala mu ngalande ya pakhomo panu. Tinaika maliro okwanira mu 2024.

MAFUNSO A MU SELO

1. Ndi chizolowezi chiti chabwino chimene chinakunyamulani pa nthawi yovuta?
2. Kodi pali “zenera” limene mwatseka chifukwa choopa anthu a kuntchito kapena achibale?
3. Ndani m'dera lanu amene amadzuka tsiku ndi tsiku mwakachetechete, woti sabata ino mungamulimbikitse ndi mawu kapena ndi kanthu?

TIPEMPHERE

Atate, nyengo zili m'manja mwanu. Mukudziwa amene akuwerenga uthengawu ali wotopa, amene anasiya kugwada, amene akuopa mawa. Tipatseni mphamvu ya Mzimu Woyera kuti tidzuke ndi kuchita chabwino chimene tikuchidziwa kale. Kumbukirani amasiye, ofuna ntchito, odwala, ana amene ali pa mayeso ndi onse oyenda m'misewu kusanache. Tipatseni mvula yabwino chaka chino. M'dzina la Yesu Khristu, Amen.

NENANI MOKWEZA: Nyengo isinthe, ine ndipezeka pamalo panga. Mantha alipo, koma sanditsekera mazenera. Mulungu wa Danieli ali nane lero.

Ngongole ya chilimba ija tinamaliza kubweza, pang'onopang'ono, ndipo 05 hours ndimagwadabe. Lachisanu ndili ndi katundu wina wopita ku Chipata, ndiye ndikamwanso tiyi pa mbaula ija. Tumizani phunziroli kwa m'bale kapena mlongo amene simunamuone ku tchalitchi kwa nthawi, ndipo mukatumiza mumuimbirenso.

Tionana pa Sondo. Ambuye akusungeni.

Wanu mu utumiki,
Wothandizira a Bishopu