Malonjezo Atatu Amene Anasokoneza Maiko a Aluya

Nkhondo ikabuka ku Gaza, ku Lebanon kapena ku Syria, ambiri a ife timafulumira kunena kuti ndi mkangano wa Ismayeli ndi Isake, ndipo sudzatha. Koma pa Genesis 25:9 timawerenga kuti ana awiriwa anaika limodzi maliro a bambo awo Abrahamu. Kwa zaka mazanamazana, Ayuda, Akhristu ndi Asilamu ankakhala m'mizinda imodzi monga Baghdad, Damascus ndi Cairo, ngakhale kuti ufulu wawo sunali wofanana. Gwero la nkhondo zambiri za lero tingalipeze pafupi, m'zaka za Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse.

Lonjezo kwa aliyense

Kuyambira 1516, maiko ambiri a Aluya anali pansi pa ufumu wa Ottoman wa ku Turkey. Mu 1914 ufumuwu unalowa nkhondo kumbali ya Germany, ndipo Britain inayamba kufuna abwenzi oti aithandize kuugwetsa.

Lonjezo loyamba linapita kwa Aluya. Mu 1915 ndi 1916, Henry McMahon, nthumwi ya Britain ku Egypt, analemberana makalata ndi Sharif Hussein wa ku Mecca, kumutsimikizira kuti Aluya akaukira Ottoman adzadzilamulira okha. Anaukiradi mu June 1916.

Lachiwiri linali la mseri. Chaka chomwecho, Mark Sykes wa ku Britain ndi François Georges-Picot wa ku France anagwirizana za kagawidwe ka maikowo pakati pa maboma awo. Aluya anazimva mu 1917, boma latsopano la Russia litaulula pangano lonselo.

Lachitatu linapita kwa Ayuda. Pa 2 November 1917, nduna ya Britain yoona za maiko akunja, Arthur Balfour, inalemba kuti boma lake likuvomereza zoti Ayuda akhale ndi kwawo ku Palestine, popanda kuphwanya ufulu wa anthu ena okhala kumeneko. Pa nthawiyo, mwa anthu 10 aliwonse a ku Palestine, pafupifupi 9 anali Aluya.

Munda umodzi unalonjezedwa kwa anthu atatu, wolonjezayo asanakhale mwini wake.

Malire olembedwa ndi alendo

Nkhondo itatha, msonkhano wa ku San Remo wa 1920 unapereka Syria ndi Lebanon kwa France, Iraq ndi Palestine kwa Britain. Faisal, mwana wa Hussein, anathamangitsidwa ku Damascus ndi asilikali a France, ndipo mu 1921 Britain inamulonga ufumu ku Iraq, dziko limene sanabadwireko. Iraq yemweyo anapangidwa polumikiza zigawo za Basra, Baghdad ndi Mosul, mmene munali Asilamu a Shia, a Sunni ndiponso mtundu wa Akurdi. Akurdiwo anatsala opanda dziko, ogawikana ku Turkey, Iraq, Iran ndi Syria mpaka lero.

Ku Lebanon maudindo a boma anagawidwa potengera chipembedzo: pulezidenti Mkhristu, nduna yaikulu wa Sunni, sipikala wa Shia. Chiwerengero cha magulu chitasintha, dongosololi linathandiza kubutsa nkhondo yapachiweniweni ya 1975 mpaka 1990.

Ku Palestine chilonda chinali chozama. Ayuda okwana 6 miliyoni ataphedwa ndi boma la Hitler, opulumuka ankafuna pothawira. Mu 1947 bungwe la United Nations linaganiza zogawa dzikolo pawiri, Aluya anakana. Israel atakhazikitsidwa mu 1948 kunabuka nkhondo, ndipo anthu a ku Palestine pafupifupi 700,000 anathawa kapena kuthamangitsidwa m'midzi mwawo. Mu 1967 Israel analanda West Bank, Gaza ndi kum'mawa kwa Jerusalem.

Tiphunzirepo chiyani?

Atsamunda sangasenze mlandu wonse. Olamulira ankhanza a m'maikomo, kulimbirana mafuta ndi nkhondo ya America ku Iraq mu 2003 zinasonkhezera moto. Komabe tikamanena kuti nkhondozi zinaikidwiratu, timachotsa mlandu pa anthu amene anasankha kunama, ndiponso timaleka kumvera chisoni ovutika. Pakati pa ovutikawo pali Ayuda, Asilamu ndi Aluya achikhristu, amene mipingo yawo inayamba kalekale uthenga usanafike kuno kwathu.

Mafunso okambirana

1. Ndi lonjezo liti mwa atatuwa limene linali lovuta kulikwaniritsa, ndipo chifukwa chiyani?
2. Werengani Genesis 17:20 ndi 21:17-20. Kodi Mulungu anamuchitira zotani Ismayeli?
3. Tikamapempherera maikowa pa Sabata, ndani amene timawaiwala?