Magetsi owonjezera pa galimoto azizima mukadima

Aliyense woyenda usiku kuchoka pa Jenda kulowera ku Embangweni ndi Edingeni, kapena kuchoka pa Mzimba boma kupita ku Manyamula, akudziwa chimene eni ma Hilux ndi ma Probox akumangira magetsi owonjezera. M'njirazi mumakhala ng'ombe zobwerera mochedwa, ngolo zopanda chowala kumbuyo, timilatho topapatiza ndi zigwembe zokumbidwa ndi mvula. Kufuna kuona patali si matama ayi. Cholakwika ndi kamangidwe kamene kafala: waya mmodzi kuchoka pa batire, switchi pa dashibodi, ntchito yatha. Magetsi amenewa amafunika njira yawoyawo ya moto, yokhala ndi fyuzi ndi relay, ndipo ayenera kuzima okha woyendetsa akangodima.

Musanagwire sipanala, werengerani. Gawani mawatsi olembedwa pa bokosi ndi 12: getsi la LED la mawatsi 120 limakoka ma amp 10, choncho likufunika fyuzi ya ma amp 15 ndi waya wa galimoto wa 2.5 mm², osati waya wa wailesi kapena wotsala pomanga nyumba. Pimaninso batire ndi mita. Injini ili chozima pazioneka ma volt pafupifupi 12.6, ikamalira akwere kufika pakati pa 13.8 ndi 14.4. Akapanda kukwera ndiye kuti alternator yatopa kale, musaisenzetse katundu wina musanaikonze. Malole ambiri amayendera ma volt 24, ndiye eni ake aonetsetse kuti getsi ndi relay n'zoyenera mphamvu imeneyo. Pa galimoto ya hybrid, mawaya okhuthala a mtundu wa lalanje musawakhudze n'komwe.

Tsopano masulani waya wa negetivu pa batire. Mangani getsi pa chitsulo cholimba, chifukwa pulasitiki ya bampa siipirira mabampu, ndipo lisatseke mphepo yopita ku radiator. Relay muimange mu boneti, pouma, miyendo yake italoza pansi kuti madzi asadikhamo. Miyendoyo ili ndi manambala. Wa 30 umalandira moto kuchoka ku positivu ya batire kudzera mu fyuzi, ndipo fyuziyo ikhale pafupi ndi batire, osapitirira chikhatho chimodzi, chifukwa imateteza waya wokhawo amene ali kutsogolo kwake. Wa 87 umapita ku getsi. Waya wakuda wa getsi mumangirire pa bawuti ya bodi, mutapala penti mpaka chitsulo chiwale.

Pofunika kudekha ndi pa 85 ndi 86, miyendo imene imauza relay nthawi yoyatsa. Moto wake uchokere ku waya wa fulu laiti, udutse pa switchi yanu, kenako ufike pa 86. Wa 85 upite ku bodi. Mukatero getsi limayaka pokhapokha switchi ndi fulu zikagwirizana. Koma ma Toyota ambiri, amenenso adzaza pa Jenda ndi pa boma, amayatsa magetsi akutsogolo podula mbali ya negetivu, osati ya positivu. Mukalumikiza mwachizolowezi, getsi lingayake nthawi yolakwika kapena kukana kuzima. Bwezerani batire kwa kanthawi, muyese ndi tesita pa pulagi ya babu: pezani mawaya awiri amene tesita imayaka pakati pawo pa fulu pokha, n'kuzima mukadima. Pa awiriwo ndi pamene mulumikize 85 ndi 86, switchi ikhale pakati pa waya mmodzi mwa awiriwo. Masulaninso batire mukamalumikiza. Polowetsa waya m'kati mwa galimoto dzerani pa labala imene mawaya ena adutsapo, mawaya atalikirane ndi ekizozi, ndipo polumikiza paliponse mufinye ndi zolumikizira zachitsulo. Kupota ndi zala n'kukulunga tepi sikulimba pa msewu wafumbi.

Ena amati LED imadya moto pang'ono, relay n'kutaya ndalama. N'zoona kuti imadya pang'ono poyerekeza ndi mababu akale owala mofanana, koma ma amp 10 ndi ma amp 10 basi, ndipo timaswitchi totsika mtengo timatentha nawo mpaka kusungunuka. Pa fyuzi ndiye palibe zokambirana. Waya akakhuzika pa chitsulo n'kuchita shoti, batire imatulutsa ma amp mazana, waya n'kufiira ngati khala pafupi ndi paipi ya petulo.

Ena amati madalaivala anzawo sadima, ndiye nawonso azibwezera. Kuwawa kwake n'komveka, koma pamene awiri athobwana m'maso, wovulala amakhala wa kabaza kapena mayi woyenda m'mphepete mwa msewu, amene onse awiri sanamuone. Pa M1 switchi yanu izikhala yozima. Magetsi amenewa ndi a njira zakumudzi zopanda wobwera kutsogolo. Ngakhale m'chifunga cha ku Chikangawa sathandiza, chifukwa kuwala kwamphamvu kumabwerera m'maso mwanu momwe, monganso zimachitikira m'fumbi la mu Okutobala mukamatsata lole. Ndi bwinonso kufunsa a Road Traffic zimene amalola tsiku loyezetsa galimoto (COF) lisanafike.

Pomaliza bwezerani negetivu, imikani galimoto pamalo osalala moyang'ana khoma usiku, ndipo weramitsani getsi kuti pakati pa kuwala kwake pasapitirire msinkhu wa getsilo. Dimani kangapo muone ngati likuzima nthawi yomweyo. Lisiyeni liyake mphindi khumi, kenako gwirani waya ndi relay. Zikatentha moti simungazigwire, penapake sipanagwirane bwino kapena waya wachepa. Pakatha sabata mukuyenda m'mabampu, tsegulani boneti mulimbitsenso mabawuti ndi kuona ngati pali pamene waya wayamba kukhuzika.