Malisiti a MRA ndi Zakaat ya pa geni



Ambiri mwa ife kuno kwa Zulu tili ndi kholo kapena m'bale amene amakapikula katundu ku Chipata n'kudutsa naye pa boda ya Mchinji. Malisiti a msonkho amene a MRA amapereka pamenepo amangothera m'kajumbo kunsi kwa matiresi. Lero tikambe za mapepala amenewa.

Tigwirizane kaye: msonkho si Zakaat. Msonkho ndi wa boma, pomwe Zakaat ili ndi eni ake, magulu asanu ndi atatu otchulidwa mu Surah At-Tawbah, ayah 60. Ndiye zoti "ndinapereka kale pa boda" zija ayi.

Komabe malisitiwo ndi othandiza powerengera. Amasonyeza tsiku limene katundu analowa, kuchuluka kwake ndi mtengo wake. Khalani pansi ndi amayi, muwasanje kuyambira mwezi umene chaka chawo cha Zakaat chinayamba, kenako muyerekeze ndi katundu amene watsala mu shopu. Apa pali poterera: mtengo wa pa lisiti ndi wakale, koma Zakaat ya malonda imatsata mtengo wa tsiku lowerengera. Kumbukirani kuti mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Chitenje cha pa shelefu chinali chomwecho, mtengo wake wosiyana. Ndipo katundu amene anadutsa njira zachidule, osalembedwa paliponse, nayenso alowe m'chiwerengero. Kaya anazemba boda, Allah anamuona.

Zimene lisiti silingakuuzeni ndi ngongole. Ayah yaitali kuposa zonse mu Qur'an, Al-Baqarah 282, ikutilamula kulemba ngongole, koma ife timadalira mutu. Afunseni amayi modekha, chifukwa nkhani ya ngongole akuluakulu sakonda kuulula kwa ana. Ndani anatenga katundu pa ngongole ndipo pali chiyembekezo choti abweza? Imeneyo iphatikizidwe ku chuma chawo. Nanga iwo ali ndi ngongole kwa ndani, yoyenera kubwezedwa panopa? Ma ulama ambiri amalola kuichotsera, ngakhale a madh-hab a Shafi'i amati ngongole siitchinga Zakaat. Pamenepa funsani a Sheikh a pa mzikiti wanu, osati pa gulupu ya WhatsApp.

Onjezani ndalama za m'manja, za ku banki, za mu Airtel Money ndi Mpamba. Zonsezo zikafika pa nisaab, yomwe ndi mtengo wa magalamu 85 a golide kapena 595 a siliva, ndipo chaka cha Hijri chakwana, aperekepo 2.5 peresenti, kutanthauza K25,000 pa K1 miliyoni iliyonse. Mashelefu, sikelo ndi njinga yonyamulira katundu siziwerengedwa.

Za soya ndi mtedza wa kumunda zili ndi malamulo ake ena, tidzaziona padera Insha Allah.

Wallahu a'lam.