PHUNZIRO LA MWEZI UNO: MALUNGO ATHA, KOMA DISO LAYAMBA

Alimi anzathu a tiyi ku Thyolo, si kutentha thupi konse kobwera ndi udzudzu kumene kumamva mankhwala a malungo. Matenda ena amayamba ndi mavairasi, ndipo angathe kutupitsa m'kati mwa diso munthu atachira kale.

Awiri mwa matendawa ndi chikungunya, amene anadziwika mu 1952 kumwera kwa Tanzania, ndi Rift Valley fever, amene anadziwika mu 1931 pa nkhosa ku Kenya. Achiwiriwa amagwira ng'ombe, mbuzi, nkhosa ndi anthu, ndipo magazi a ziweto zina m'Malawi muno asonyeza kuti anafikamo. Bungwe la WHO likuti mwa odwala 100, m'modzi kapena awiri amavutika maso patapita sabata imodzi mpaka zitatu. Chilonda chikakhala pakati penipeni kuseri kwa diso, theka la iwo saonanso bwino moyo wawo wonse.

NDANI ALI PANGOZI?

1. Okhala pafupi ndi madzi odikha. Mvula yaikulu, monga ya namondwe Freddy mu March 2023, imachulukitsa udzudzu.

2. Othyola tiyi manja ndi miyendo zili pamtunda. Udzudzu wa Aedes, wofalitsa chikungunya, umaluma masana, ndipo umaswana m'zitini, m'matayala ndi m'migolo.

3. Osenda chiweto chofa chokha, othandiza ng'ombe kubereka, ndi ogwira mwana wotayika ndi manja. Rift Valley fever imalowa kwambiri kudzera m'magazi a chiweto.

4. Omwa mkaka wosawiritsa.

TICHITE CHIYANI?

Vundikirani migolo, kwirirani zitini, ndipo lambulani ngalande za kumalaini sabata iliyonse. Valani malaya a manja aatali pothyola, ndipo gonani m'neti. Wiritsani mkaka. Ziweto zikamataya bere motsatizana, uzani alangizi a ziweto tsiku lomwelo, ndipo nyama yake musadye kapena kugulitsa.

Mukachira, yang'anirani maso kwa mwezi wathunthu. Diso likafiira, likamawawa, likamaopa dzuwa, kapena mukamaona chifunga ndi timadontho takuda, pitani kuchipatala cha boma ku Thyolo. Nenaninso za kudwala kuja. Pakafunika adzakutumizani kwa madokotala a maso ku Queen Elizabeth, ku Blantyre. Musathire madzi a zitsamba m'diso, kapena mankhwala otsala a mnzanu.

Kumbukirani: wothyola tiyi amadalira maso kuti aone masamba awiri ndi nsonga. Tsiku limodzi lopita kuchipatala lingapulumutse ntchito ya zaka zambiri.