Kodi ndisiye ntchito kuti ndizingoluka?

Funso: Ndimagwira ntchito ya theka la tsiku m'sitolo ina pa Dedza boma, madzulo ndimaluka majuzi, zipewa ndi timasokosi ta makanda. Chaka chino maoda andichulukira moti ena ndawakana. Kodi ndisiye ntchito ija? Mayi wa ana awiri, Dedza.

Yankho: Mayi, musasiye msanga. Majuzi amayenda malonda kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, kenaka makolo amafunako ena sukulu zikamatsegulira mu Seputembala. Kukangotentha mu Okutobala, oda imasowa, koma lendi ndi fizi sizidikira.

Tengani kope, mulembe za miyezi 12: ndalama zogulira ulusi, thiransipoti, maola amene juzi imodzi imakudyerani, ndi zotsala. Ambiri amaiwala kuwerengera maolawo. Juzi yoluka ndi manja imatenga masiku, pamene ya kaunjika ili pamsika pamtengo wotsika, ndipo wogula amayerekeza ziwirizo. Choncho dalirani zimene kaunjika sangakupatseni mpikisano: majuzi a yunifolomu a mtundu umene sukulu yasankha, ndi zovala za makanda zimene anthu amagula chaka chonse pokaona mwana.

Ine ndikadayamba ndapempha abwana kuti andichepetsere masiku m'nyengo yozizira yokha. Ndalama za nyengoyo muziike ku banki m'khonde, mudzagule makina olukira. Mukadzapeza sukulu imodzi kapena ziwiri zokupatsani oda chaka ndi chaka, mungathe kusiya. Ngati mumalandira malipiro pamwezi, lamulo la ntchito limafuna kuti mupereke notisi ya mwezi umodzi.