Nyali ya check engine yatiyambanitsa ndi alamu

Azakhali,

Amuna anga adamwalira chaka chatha, adandisiyira Toyota Sienta imene ndimaperekezera ana kusukulu. Mwezi uno kanyali ka check engine kayaka ndipo petulo akutha msanga. Alamu anga abwera ndi makaniko amene akuti vuto ndi catalytic converter, aichotsa n'kuikapo paipi wamba, salipiritsa kanthu. Nditaonetsa kukayika, alamuwo adakwiya, ati ndikuwaderera. Nditani?

Wothedwa nzeru, Lilongwe

Mayi,

Pepani ndi zovutazo. Kukayika kwanu kuli m'malo. M'kati mwa converter muli platinum, palladium ndi rhodium, zitsulo zodula zimene anthu amagula. Makaniko akati waulere, malipiro ake ndi chimene achotsecho.

Nyaliyo payokha sitchula chimene chawonongeka. Ikungonena kuti kompyuta ya galimoto yasunga nambala ya vuto. Kunsi kwa chiwongolero kuli soketi ya timabowo 16 yolumikizirapo makina a diagnosis. Pitani kwa auto electrician amene makina ake amawerenga galimoto zochokera ku Japan, poti ena otchipa amalephera. Akuonetseni nambalayo ndi maso, muilembe.

Ikatuluka P0420, ndiye kuti kompyuta ikuona ngati converter sikuyeretsa utsi mokwanira. Komatu nkhaniyo imaimva kwa ma oxygen sensor. Imodzi ili kutsogolo kwa converter, imayeza mpweya wotsala mu utsi kuti kompyuta idziwe mlingo wa petulo wopita mu injini. Ina ili kumbuyo, ntchito yake n'kuyang'anira converter. Sensa ikatopa, waya wake akaduka, kapena ekizozi ikabooka pafupi nayo, kompyuta imanamizidwa. Kwa ine, petulo akutha msangayo akuloza kwambiri sensa yakutsogolo, choncho ayambe ayeza imeneyo.

Ngakhale converter itapezeka kuti yafadi, funsani chaipha. Kawirikawiri siifa yokha. Imapsa ndi petulo wosayaka bwino chifukwa cha mapulagi kapena coil, kapena imatsekeka injini ikamadya oilo. Akangoidula, nyali iyakabe, matenda enieni atsala, ndipo galimoto imene mumaimika pageti la sukulu iyamba kulavula utsi wa poizoni wochuluka. Zimenezi sindingakuvomerezeni.

Nyali ikangoyaka phee, mutha kuyendetsa pang'onopang'ono mpaka kugalaja. Ikamaphethira, imikani galimoto, chifukwa injini ikuphonya ndipo converter ikupsa nthawi yomweyo.

Za alamu, musafulumire kuwaganizira zoipa. Mwina nawonso angokhulupirira mnzawo. Akhazikeni pansi, muwathokoze chifukwa chosakutayani, kenaka munene kuti: "Alamu, tiyeni limodzi tikaipimitse kaye, timve zimene makina anene." Mukatero ulemu wawo usungika. Koma makiyi akhale m'manja mwanu, ndipo galimoto isagone kwa makanikoyo. Akaumirirabe, itanani ankhoswe amve mbali zonse ziwiri.

Azakhali