Kuchepetsa Zithunzi Popanda Kuziwononga

Foni yokhala ndi kamera ya 12 megapixel imatulutsa chithunzi cha timadontho pafupifupi 4000 m'litali ndi 3000 m'lifupi, ndipo chimodzi chokha chimatha kulemera 3 MB kapena 4 MB. Zithunzi 300 za pachinkhoswe zafika kale pa 1 GB. N'chifukwa chake foni imadzaza msanga, bandulo sichedwa kutha, ndipo fomu yofunsira ntchito pa intaneti imakana satifiketi yanu kuti yakula kwambiri.

Musanayambe chilichonse, koperani chithunzi choyambacho ndi kuchisunga pa memory card kapena pa kompyuta. Chithunzi chikachepetsedwa sichibwereranso mwakale, ndipo zithunzi za agogo kapena za tsiku la ukwati sizijambulidwa kawiri.

Yambani ndi kukula kwake, chifukwa m'pamene pamachoka katundu wambiri. Ngati chithunzicho n'chongoonera pa foni, timadontho 1600 kumbali yayitali n'tokwanira. Ngati mukufuna kukachitsukitsa ku studio pa saizi wamba ya mainchesi 4 ndi 6, chisiyireni 1800 ndi 1200. Pa kompyuta ya Windows tsegulani Paint, dinani Resize, sankhani Pixels, n'kulemba nambala ya mbali imodzi yokha. Inayo isinthe yokha kuti nkhope za anthu zisaphwatalale. Dulaninso denga, khoma ndi miyendo ya mipando yomwe inalowa mwangozi.

Kenako sankhani mtundu wa fayilo. JPEG, yomwe inakhazikitsidwa mu 1992, ndiyo yoyenera zithunzi za anthu, minda ndi nyumba. Imachepetsa fayilo potaya tizinthu tina tomwe diso silizindikira msanga. Pa tsamba laulere la Squoosh mungasunthe kabatani ka Quality mukuona mbali ziwiri, chakale ndi chatsopano. Pakati pa 75 ndi 80 kusiyana sikuoneka kwenikweni koma fayilo imatsika kwambiri. Mukatsitsa mopyola, khungu la munthu limayamba kuoneka timabokosi, ndipo m'mphepete mwa zilembo mumazungulira tinyalala. Dziwaninso kuti nthawi iliyonse mukasintha JPEG n'kuisunganso imatayanso zina, choncho konzani zonse kamodzi kuchokera pa choyambirira chija.

PNG sitaya kanthu. Ndiyo yabwino pa screenshot ya uthenga wotsimikiza kuti ndalama zapita, pa logo ya bizinesi kapena pa khadi la ukwati lodzaza ndi malemba, ndipo imalola kumbuyo kwa chithunzi kukhala koonekera. Koma chithunzi cha pa kamera mukachisandutsa PNG chimanenepa kangapo popanda phindu. WebP, yomwe Google inatulutsa mu 2010, ndi yopepuka ndipo imathandiza eni mawebusayiti, kungoti mafomu ena sailandira. Eni iPhone asamale ndi HEIC, yomwe makompyuta akale amalephera kutsegula: pitani ku Settings, Camera, Formats, musankhe Most Compatible, foniyo izijambula JPEG.

WhatsApp imachepetsa yokha chithunzi chilichonse chotumizidwa mwa nthawi zonse. Pa moni wa kwa achibale a ku Johannesburg izi n'zabwino ndithu. Vuto limabwera pa zikalata. Ambirife timadzitumizira chiphaso pa WhatsApp kuti chipepuke, kenako manambala amafufutika mpaka 3 kuoneka ngati 8, ndipo wa ku ofesi amachibweza. Chikalata chijambuleni masana pafupi ndi zenera, pathebulo losalala, foni italunjika pamwamba pake. Chichepetseni nokha kufika pa mlingo womwe fomu yatchula, ndipo potumiza pa WhatsApp sankhani Document kuti chifike mmene chilili. Musanadine batani lotumizira, kulitsani chithunzicho ndi zala ziwiri, muwerenge dzina lanu ndi nambala iliyonse.